Phiri Limene Ndinajambula pa Bokosi la Malume

Ndinadzuka kusanache, ndege yoponya mabomba ili pamphuno panga. Sindikuwonjezera. Inkalendewera pa ulusi kuchokera kudenga, mapiko tambalala, mimba yasa, italunjika diso langa lakumanzere. Pambali pake panali zinzake zambirimbiri, zotalika ngati mkono, zina zobiriwira, zina zakuda kumimba, ndipo pansi pa zonsezi tinagona ife amuna, titapanikizana ngati zovala za mu sutikesi ya munthu wopita kumudzi. Chinali chipinda cha malume anga a Mbewe, m'nyumba yawo ya ku Edmonton mu mzinda wa London, ndipo linali tsiku lowaika m'manda.

Kwathu amuna amagona panja pamoto. Ku London mwezi wa Novembala, mwamuna wogona panja amangowonjezera maliro. Ndiye moto wathu unali hita ya magetsi ya ndodo ziwiri, ndodo imodzi yakufa. Tinaizungulira ndi ulemu wonse woyenera moto, mpaka mkulu wina wa ku Peckham anaiwala n'kuyamba kuisonkhezera ndi phazi. Amayi anali pabalaza m'munsi, akuimba motsitsa mawu chifukwa mzungu wa khomo loyandikana anali atagogoda pakhoma. Anayamba ndi kugogoda kwaukali. Pofika m'bandakucha ankagogoda motsatira nyimbo. Mboni zilipo, zina zili ndi mapepala okhalira kuno.

Kwa amene simunawadziwe malume, ndifotokoze pang'ono. Anapita ku nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ali mnyamata, ndipo anawaolotsa nyanja yamchere kupita nawo cha ku Burma. Mfuti anaigwira pang'ono. Mzungu wina ataona kuti dzanja lawo limalemba mowongoka, anawapatsa burashi ndi chitini cha penti n'kuwatumiza ku bwalo la ndege zoponya mabomba. Ntchito yawo inali kujambula zizindikiro: zilembo ziwiri za gulu, kenako chozungulira, kenako chilembo chimodzi cha ndegeyo. Ankati ziwirizo ndi mfunda, chimodzicho ndi dzina. Ntchito yoyamba imene anawapatsa inali kufufuta kadontho kofiira pakati pa chozunguliracho, popeza adani nawonso chizindikiro chawo chinali chofiira, ndipo oombera a mbali yathu akaona kufiira m'mwamba sankafunsa.

"Chizindikiro chikasokonekera, amakugwetsa ndi ako omwe," ankatero malume. Akatero, tonse tinkadziwa kuti sakunenanso za ku Burma. Anathawa kumudzi ufulu utangobwera kumene, boma latsopano likuwasaka, ndipo kuno anafika pa sitima ya pamadzi.

Ndege ikabwerako kokaponya, ankajambula kabomba kamodzi pansi pa zenera la woyendetsa. Lamulo lake linali limodzi: sajambula ndege isanatere. Choncho iwo ndi anzawo ankaima m'mphepete mwa bwalo, makapu ali m'manja, kumvetsera m'mwamba mpaka tiyi kuzizira.

Lamulo limeneli anabwera nalo ku Edmonton. Munjira yolowera m'nyumba munali thabwa lalikulu lopakidwa ngati nthiti ya ndege, ndipo aliyense wa ife anali ndi mzere wake. Koyambira mzere kunali chithunzi cha mwini wake. Namwino, jakisoni. Abusa, belu. Ine, bedi la matayala, popeza ndimakankha mabedi pachipatala. Ukapita kumudzi n'kubwerako, unkayamba wafika kwa malume, kuwauza za mvula, za amene amwalira ndi amene akwatiwa, iwo n'kujambula kabomba pamzere wako. Maso atayamba kuchita chidima, mabombawo anayamba kufanana ndi mbatata, ndipo tinkangoti tikukalembetsa mbatata.

Mzere wapamwamba unali wawo. Chithunzi chake chinali phiri la kwathu ku Ntcheu, la nsonga ziwiri, mtengo wa kachere uli pampata. Kutsogolo kwa phirilo kunalibe kanthu.

"Inu mumanyamukira kuno," ankatero. "Ine ndinanyamukira uko. Sindinatere."

Zinthu zitasintha kumudzi tinawauza kuti njira yatseguka. Koma munthu amene anathera moyo wake wonse akumata tindege tija ta kudenga, sanakwerepo ndege. Ankati anaziona m'kati, ndi malata ndi mapemphero basi. Ankadikira kuti sitima za pamadzi ziyambirenso. Za mtembo wawo anatiuziratu akudwala: "Musadzandiike m'mimba mwa ndege. M'menemo mumakhala zokataya." N'chifukwa chake manda anakumbidwa kuno.

Ndinatsika kukhitchini ndikulumpha miyendo ya anthu. Azakhali aNachisale, akazi awo a malume, anali pakampando pafupi ndi sitovu, atafunda bulangete. Chimwalirire malume sanalire, ndipo zimenezi zinkaopsa amayi onse m'nyumbamo kuposa kulira. Anandikodola, n'kundiika m'manja kachitini ka penti wobiriwira ndi kaburashi kokulunga mu mpango.

"A Fanuwelo, malume anu sapita opanda chizindikiro."

"Bokosi lili ndi dzina, anti. Alemba pakachitsulo."

"Dzina la pa pasipoti. Mayi awo ankawaitana dzina limenelo? Anachoka ali ndi tsitsi lakuda ndi mano onse. Akukafika nkhalamba, atavala suti, akuchokera m'dothi la eni. Akawadziwa ndani? Mujambule phiri lija pabokosi. Likatsika lopanda phiri, ndiye kuti sindinawaike, ndawataya."

Ndinafuna kuwakumbutsa kuti kusukulu ndinajambulapo ng'ombe aphunzitsi n'kundiyamikira tebulo. Koma ndine mwana wa mlongo wawo wa malume, ndinabadwira patsinde pa phirilo, ndipo m'nyumba monsemo panalibe wina woti ntchitoyi imugwere. Ndinaika kachitini m'thumba la buluku la suti.

Pakhomo la khitchini panali pataima Thoko, mwana wawo, msuweni wanga. Thoko anabadwira kuno. Chichewa amamva chonse, ngakhale chonong'ona, koma amayankha m'Chingerezi. Ndiye amene anayendetsa zonse za maliro ndi azungu oika maliro, ndipo tsikulo anali atagawa nthawi ngati sitima. Anandiuza m'Chingerezi chachangu kuti bokosi la bambo ake ndi lonyezimira, kuti galimoto ya maliro iima pakhomo kamphindi chabe, ndiponso kuti aliyense woyandikira ndi penti aikidwa limodzi ndi malemuwo.

"Mkazi wanga, usandikalipire pamaso pa apongozi," ndinatero, monga amachitira asuweni.

"Iwe Fanuwelo, usapenge," anatero. Chichewa cha Thoko chimatuluka pokhapokha akafuna kunditukwana.

Kunja kunacha monyinyirika, ngati munthu woitanidwa pa shifti ya mnzake. Kamvula kanali kaja kosagwa kosaleka, kongoyandama. Amayi anagawana moto. Miphika ya mpunga ndi nyemba inali pasitovu, ina anakaphikira kwa mayi wina wa mumsewu womwewo, ndipo nkhuku zinkawotchedwa kuseri pa mgolo wodula pakati, mkulu wina atagwirira makala ambulera iye akunyowa. Alamu ya utsi inalira kuposa wachibale aliyense. Anachita kusankha mayi mmodzi wamtali kuti ntchito yake ikhale kuikupiza ndi thaulo, ndipo anaigwira ntchitoyo mokhulupirika mpaka masana.

Anyamata anaika masamba pamsewu, uku ndi uko, monga timachitira kwathu kuti odutsa adziwe kuti pali zovuta. Basi inapondapo. Wosesa msewu anatola. Anyamata anaikanso ena, wosesa anatolanso. Masambawo ankachokera ku mpanda wa mzungu wogogoda uja, ndipo pofika nthawi ya tiyi mpandawo unali utameta, ife achibale tisanamete. Koma ndinaona ndi maso anga bambo wina wachikuda, wosamudziwa, akubwera panjinga atavala jekete ya ntchito. Atafika pamasambapo anatsika, anavula chipewa, anakankha njinga mpaka kupitirira nyumba, n'kukweranso. Sanayang'ane kumbuyo. Sitinamudziwe, ndipo mpaka lero sindidziwa kuti kwawo n'kuti.

Anthu anayamba kufika. Ochokera ku shifti ya usiku anabwera maso ali gwa, yunifolomu ili m'kati mwa khoti. Amayi ankaima pageti, kutulutsa chitenje m'chikwama, kumanga pamwamba pa buluku, kukonza nkhope, kenako n'kulowa. Ena anachokera ku Barking kumene ndimakhala, ena ku Peckham atasintha mabasi mpaka kuiwala kumene akupita. Kunabwera nkhalamba za nthawi ya malume, zija zinathawa limodzi, zitavala makhoti aatali, zikulankhula Chichewa chimene kumudzi chinasiya kumveka kalekale. Aliyense polowa ankaima pathabwa lija. Ena ankagwira mzere wawo ndi chala. Mayi wina anawerenga mbatata zake n'kupeza kuti ya ulendo wokaika mayi ake ndi imene inali yonenepa kuposa zonse, ndipo anakhala pansi pomwepo.

Galimoto ya maliro inafika pa nthawi yeniyeni, chinthu chimene chinadabwitsa anamfedwa ambiri. Kutsogolo kwake kunkayenda mzungu wamtali wa chipewa ngati mtondo, ndodo ili m'manja. Bokosi linali kuseri kwa galasi, nkhata za maluwa zili pamwamba. Azakhali anandiyang'ana. Ndinatulutsa kachitini. Chivindikiro chinakana. Ndinayesa chikhadabo, kiyi, supuni. Supuniyo inapindika, ndipo ilipo mpaka lero m'dirowa, wokayika akaione. Kumbuyo basi inali itaima, anthu a m'mwamba akutisuzumira ngati tili m'chitsime. Thoko anagwedeza mutu, mzungu wa chipewa anakweza ndodo, ndipo malume ananyamuka pakhomo pawo opanda chizindikiro.

Azakhali anangokwera galimoto.

Tchalitchi chinali chobwereka, ndipo eni ake ankachifuna masana. Kwaya inaimba mothamanga. Mkulu wowerenga mbiri ya malemu anafika pa nkhondo nthawi itatha kale, ndiye zaka zonse za ku London anazimeza ndi mpweya umodzi. Ndinaganiza zojambula pa nthawi yoona nkhope, koma abusa anandinong'oneza kuti kapeti ndi ya eni. Ndinabwerera pampando pafupi ndi paipi yotenthetsa m'nyumba. Ndipo kachitini kamene kanakana kiyi ndi supuni, kanatseguka kokha m'thumba pakati pa ulaliki. Ndinamva kuzizira kukutsika ndi ntchafu. Abusa ankanena za msipu wobiriwira. Ine msipuwo unali utafika m'sokosi. Mphezi indiwombe ngati ndikunama.

Potuluka ndinasuzumira m'kachitini. Munatsala kongopaka pansi, kosakwana kudzoza mwana wakhanda pamphumi.

Ulendo wa kumanda unayamba mwaulemu, mzungu wa chipewa ali patsogolo wapansi. Titangokhota, analumphira m'galimoto, ndipo malume anathamanga liwiro limene sanathamangepo ali moyo. Mdipiti unaduka pa maloboti oyamba. Magalimoto ena anatsatira maliro a eni mpaka kumanda ena, ndipo ndamva kuti anaimbako bwino. Ine ndinali mu galimoto ya achibale, nditakhalira nyuzipepala. Azakhali ankayang'ana pazenera, nyumba zofanana zikudutsa. Ananena mawu amodzi okha ulendo wonse, kuti malume ankati msewu umenewu ulibe fumbi loti munthu n'kudziwa kuti wayenda.

Manda a kuno ndi aukhondo ngati ofesi. Dothi analifunditsa chinsalu chobiriwira kuti tisaone kuti ndi dothi. Kuseri kwa zitsamba kunabisala makina okumbira, ndi azungu awiri akumwa tiyi. Bokosi analikhazika pa matabwa opingasa pamwamba pa dzenje, malamba ali okonzeka. Kamvula kaja kanali katalimbako. Abusa anatsegula buku. M'mwamba munadutsa ndege, yosaoneka chifukwa cha mitambo, ndipo nkhalamba zonse za makhoti aatali zinakweza mitu nthawi imodzi.

Onyamula anagwira malamba. Azakhali sanandiyang'anenso. Ankayang'ana bokosi, milomo itauma, ngati munthu woona basi yomaliza ikunyamuka.

Ndinatuluka mumzere. Thoko anandiimira kutsogolo, anayang'ana mwendo wanga wobiriwira, kenako anayang'ana mayi ake. Anawayang'ana nthawi yaitali. Ndiye anatembenukira kwa mzungu wa chipewa n'kulankhula naye motsitsa. Mzunguyo anaona wotchi, anaona ife, n'kunena kuti bokosi ndi la banja mpaka litatsika. Anabwerera m'mbuyo, onyamula anasiya malamba.

Ndinagwada m'matope cha kumutu kwa bokosi, ndinapukuta ndi mpango uja, Thoko atandigwirira ambulera. Pamenepo m'pamene funso linandigwira. Ine ndinali kumudzi chaka chathacho. Phiri lija lilibenso mitengo. Kachere anamudula owotcha njerwa, ndipo pansonga pali chitsulo cha mafoni chokhala ndi getsi lofiira. Nditabwerako ndinawauza malume zonsezi, iwo anandiyankha kuti ndinakwera phiri la eni, n'kundijambulira mbatata yowonda.

"Anti," ndinatero, "ndijambule la lero kapena lakale lija?"

"Okawalandira anamwalira mitengo ilipo," anatero azakhali.

Ndinaviika burashi. Ndinakweza mzere, kuutsitsa, kuukwezanso. Penti wa m'kachitini anathera pa nsonga yoyamba. Yachiwiri ndinaitapa pa buluku langa. Anthu anayandikira, maambulera akugundana.

"Ni ngamila iyo?" anafunsa mayi wina wa ku Zambia.

"Ayi, ndi buledi," anayankha mkulu wina wa khoti lalitali, ndi mawu a munthu wodziwa.

Thoko anawerama. "Yakumanzere ndi yaitali, chitsiru iwe," anatero m'Chichewa. Phirilo sanalionepo chibadwire. Koma analidutsa m'mawa uliwonse popita kusukulu, lili pathabwa pafupi ndi pokoleka makhoti. Anandipatsa ambulera, anandilanda burashi, anaipukuta pa bondo langa kutapa penti wotsala, n'kukweza nsonga yakumanzere. Kenako pampata anaika kachere, timadontho tingapo ndi thunthu, mofulumira, ngati mmene bambo ake ankachitira maso asanafooke. Dontho limodzi linathawa, linatsetsereka ndi nthiti ya bokosi mpaka pansi. Thoko anafuna kulipukuta.

"Lisiye," anatero azakhali. Anali atayandikira. Anawerama, analoza ndi chala pamene dontholo linadutsa. "Apa m'pamene tinkatunga madzi. Anandipeza pamenepa."

Ndiye analira. Analira kulira kwa kwathu, kotulukira m'mimba, akuwaitana malume ndi dzina limene sindinalimvepo, lija la mayi awo. Amayi onse anayankha. Azungu a tiyi aja anaika makapu pansi. Kuyambira tsiku limene malume anatisiya tinkachita maliro monong'ona, kuopa khoma, kuopa kapeti, kuopa nthawi. Pamenepo m'pamene maliro anafika.

Bokosi linatsika, phiri lili kumutu, penti asanaume.

Makina sitinawalole. Tinabwereka mafosholo, amuna tinavula majekete, tinakwirira tokha mosinthana monga mwa mwambo. Dothi la kuno ndi lolemera, limakakamira fosholo ngati lili ndi mlandu nayo. Nkhalamba ina ya nthawi ya malume inaumirira kuponya nayo, ndipo tinachita kuigwira lamba kumbuyo kuti isatsatire. Tinaika nkhata. Abusa anatseka ndi pemphero lalifupi, chifukwa maliro ena anali akudikira pageti.

Kunyumba anthu anadya ataimirira, mbale zili m'manja. Kenako shifti inayamba kuitana. Mmodzimmodzi anamasula zitenje pageti n'kuzipinda m'zikwama. Amayi otsala anatsuka miphika, anasesa, mayi wamtali uja anapachika thaulo lake. Mzungu woyandikana anabwera ndi keke, ndipo za mpanda sanatchule. Thoko anakasiya nkhalamba ku siteshoni. Mdima wa kuno umagwa anthu asanaweruke, ndipo pamene unkagwa tinatsala awiri, ine ndi azakhali.

Nyumba inali zii. M'chipinda cham'mwamba ndege zija zinkagwedezeka pang'ono pa ulusi, chifukwa cha mphepo ya chitseko. Ndinaima pathabwa, kaburashi kali m'manja. Mizere yonse inali ndi mbatata zake, zonenepa ndi zowonda. Wapamwamba unali momwe unalili.

"Anti, ndiwaikire yawo?"

Azakhali anali pakampando kawo, kapu ya tiyi ili m'manja. "Mwawaona atatera?"

"Ayi."

"Ndiye mukuthamangira chiyani? Njira ya pansi ndi yaitali." "Mawa mukagule penti wina. Wobiriwira yemweyo. Burashiyo muiviike isaume."

Ndinaiviika m'kabotolo ka malume kotsukira maburashi n'kuika pazenera. Azakhali anandiuza kuti nditsegule zeneralo pang'ono. Ndinati kukuzizira. Anati akudziwa. Ndinatsegula. Kunja kunkamveka mabasi, ndi mvula padenga la galaja, ndipo patalipatali, pamwamba pa mitambo, ndege ina ikupita kwinakwake. Azakhali anapendeketsa mutu, kumvetsera mpaka inazimiririka. Kenako anadikira ina.

Tiyi wawo anazizira. Ndinafuna kuwathirira wina, anakana.